Kamwaza Amasula Mfundo

Kalekale, mfuti zisanafike kuno, kunali mitundu itatu ya anthu: a Kuphiri, a Pakati ndi a Kudambo. Wati "tili tonse," mphwanga? Eya, nawonso ankatero.

Mtundu uliwonse unali ndi dera lake, gule wake, bwalo lake la milandu. Koma mdani anali mmodzi, nguluwe. Zinkafukula chinangwa cha Kuphiri, n'kutsikira mbatata ya Pakati, n'kukamalizira madimba a Kudambo.

Ukonde wa mtundu umodzi unali waufupi. Ukautchera, nguluwe zinkangouzungulira. Ndiye makolo anapangana. Aliyense asunge ukonde wake, koma tsiku la uzimba, posaka pamodzi, maukonde atatuwo azilumikizidwa ndi mfundo. Nyama ikagwa, igawidwe patatu.

Anamanga mfundo. Anasaka. Anadya. Anayamba kukwatirana.

Kamwaza wa Kuphiri anakwatira Nasoko wa Pakati, n'kukhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Anabereka ana awiri, wamkulu dzina lake Ndaziona. Mwambo ukuudziwa: ana ndi akuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Malume wa anawa anali Chimphamba, mkulu wa uzimba. Kamwaza ankagona Pakati, koma pa uzimba ankaima ndi akwawo, ndipo mfundo yolumikiza ukonde wa Kuphiri ndi wa Pakati ankamanga ndi iyeyo.

Tsono nguluwe ikathamangitsidwa imathawira pakati. Inkagwa mu ukonde wa a Pakati. Poyamba ankagawa bwino. Kenaka anayamba kunena kuti, "Yagwera mwathu." Iwo ntchafu, a Kudambo nthiti, a Kuphiri ziboda. Chaka chino ziboda. Chaka chinacho ziboda. Chonsecho okuwa m'minga pothamangitsa nyama, ong'ambidwa ndi mano a nguluwe, anali a Kuphiri. Zinali zowawa, ndisakunamize.

A Kuphiri anakangana okhaokha.

Ena anati, "Tichoke! Tisake tokha."

Ena anati, "Ndi kaukonde kameneka? Tigwira mbewa."

Ena anati, "Tisachoke tisanalankhule."

Anatuma Kamwaza. "Iwe umadya nawo. Ndi alamu ako, akumvera."

Nasoko atamva anamuchenjeza. "Bambo a Ndaziona, kalankhuleni. Koma mudziwe, mitundu ikapatukana akamwini amabwerera kwawo. Ana sapita."

"Aaa, mayi, ndikungokapempha ntchafu basi," anatero Kamwaza.

Tsiku la uzimba linafika. Maukonde anatcheredwa, mfundo zinamangidwa, okuwa analowa m'tchire. Podikira nyama, akuluakulu anakhala pansi pafupi ndi ukonde. Kamwaza anawomba m'manja.

"Alamu, ife a Kuphiri tili ndi mfundo."

"Nenani," anatero Chimphamba.

"Pangano linati patatu. Ziboda si gawo."

"Tili tonse, alamu. Dziko ndi limodzi. Wokamba za magawo akufuna kugawa dziko."

Kamwaza anatembenukira kwa a Kudambo. "Inu mukutipo bwanji?"

A Kudambo anayang'ana pansi. Nthiti zili ndi mnofu, mphwanga. Anati, "Ife tilibe mawu."

Kamwaza anati, "Ngati tili tonse, tidye tonse. Apo ayi, ukonde wathu tinyamula."

Chimphamba anaseka. "Taonani zaka zino! Mkamwini kuphunzitsa eni mudzi kugawa nyama? Mfundo yanuyo, alamu, yandilimbira, sindikuimva. Taimasulani."

Anthu anafa nalo phwete.

Apa mvetsetsa. Chimphamba ankanena mfundo ya pakamwa. Ankati fotokozani bwino, ngakhale ananena monyoza. Koma pakamwa pali mfundo, pa ukonde pali mfundo. Ena amati Kamwaza anamva molakwa chifukwa cha kusekako. Ena amati anamva bwinobwino, koma mtima unali utatentha. Ine ndimati zonse ziwiri.

Anadzuka. Anapita pa ukonde. Anagwada. Mfundo ija anamanga yekha, sinamuvute. Anaimasula.

"Ndamasula, alamu."

Kenaka anyamata a Kuphiri anakuwa, "Tamasuka! Tamasuka!" Anakulunga ukonde wawo, n'kuuponya paphewa, ulendo wa kuphiri.

Nthawi yomweyo tchire linayamba kugwedera. Okuwa aja sankadziwa kanthu, ankabwera nazo. Nguluwe zinafika, zinaona mpata, zinadutsa. Yaikulu inadutsa, yaing'ono inadutsa, ya ana inadutsa ndi ana ake. Tsiku limenelo palibe anadya ntchafu, palibe anadya ziboda.

Chimphamba anapsa mtima. "Mwamasula nokha. Akamwini onse a Kuphiri, nyamukani! Malire ndi mtsinje."

A Kuphiri nawo anabwezera. Anapirikitsa akamwini a Pakati. Amuna anadutsana pamtsinje ndi mikeka pamutu, awa akukwera, awa akutsika, osapatsana moni.

Kamwaza anafika pakhomo, mtima utazizira tsopano. Anapeza khasu ndi nkhwangwa yake zili panja. Nasoko analira, koma sanabise mawu. "Ndinakuuzani ine."

Kamwaza anapita kwa Chimphamba. "Alamu, ndikhoza kumanganso."

"Bweretsani ukonde wanu, mupepese, mumange."

Anakwera kuphiri. "Abale, tibwereke ukonde, ndikamangenso."

"Abweretse ntchafu, apepese, timange."

Anatsika. Anakwera. Anatsika. Anakwera. Mfundo imafuna nsonga ziwiri, ndipo iye sanapatsidwe ngakhale imodzi.

Ulendo womaliza Ndaziona anamuperekeza, atamunyamulira khasu. Pamtsinje anaima.

"Ababa, amalume anati ndisawoloke."

"Usawoloke, mwanawe."

"Mubwera liti?"

"Akagwirizana."

"Agwirizana liti?"

Kamwaza analandira khasu. Anawoloka.

Sanagwirizane. Nguluwe zinadya Kuphiri, zinadya Pakati, zinadyanso Kudambo kwa opanda mawu aja. Njala inalowa konsekonse, koma aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kupepesa. A Kuphiri akagwira kanguluwe kamodzi ankadya ntchafu, inde, ndipo ankati ikukoma. Koma kwa Kamwaza sinkakoma.

Anakalamba kuphiri. Chaka china anamva ng'oma ndi nthungululu tsidya. Anafunsa munthu wodutsa, "Kwagwanji Pakati?"

"Akukwatiwa mwana wa Nasoko, Ndaziona. Mumamudziwa?"

Kamwaza anati, "Ndinkamudziwa."

Wamva, mphwanga? Amene ukudya ntchafu, mnzako akadandaula usamutseke pakamwa ndi mawu a umodzi, ndipo usamuseke pagulu. Iwenso wodya ziboda, dandaulo lako n'loona, koma usanamasule uyambe wayang'ana amene atsale tsidya.

Nthano yanga yathera pamtsinje pomwepo.