Ng'ombe Yogula ndi Ndalama za Msonkho

Ku Edingeni, mukamva nyundo ikugogoda anthu asanasukusule, musafunse: ndi kwa a Bestone Jere. Mkulu ameneyu chikopa chimamumvera. Nsapato, malamba, zishango za ovina ingoma, zonse zimatuluka m'kakhumbi kake ka malata akale. Koma kuseri kwa nyumba yawo kunali khola lopanda kanthu. Ng'ombe zonse zisanu zinathera pa matenda a akazi awo, a Linily, ndipo mayiwo anatsikirabe kuli chete. Chichokere maliro aja, a Jere sankadutsa mbali ya kukhola. Popita kudimba ankachita kuzungulira.

Mwana wawo Mcdonald anali ku Joni. Pakhomo panatsala mkazi wake Nelia, Mchewa wa ku Dowa, mphunzitsi pasukulu ya pafupi. Ndi iye amene anajambula nsapato zija pafoni n'kuziika pamsika wina wa pa intaneti. Abale inu, katundu anayenda! Lachisanu lililonse makatoni ankakwera basi pa Jenda kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Eni mashopu atayamba kufuna malisiti a msonkho, Nelia anaperekeza apongozi akewo kukalembetsa VAT, msonkho uja wogula amalipira pamwamba pa mtengo, wogulitsa n'kuusunga kuti akaupereke ku boma.

Tsoka lake, ndalama za nsapato ndi za msonkho zinkagwera pamodzi mufoni ya a Jere. Mkuluyo akaona nambala yonenepa ankangomwetulira.

Tsiku lina masana Nelia anagwada patali ndi khumbi lija, monga mwambo wa Angoni ufunira, maso ali pansi.

"Adada, ndapota, ndilankhuleko. Ndalama zikulowa mufonizi si zanu zonse. Muli kagawo ka boma. Tizikapatula tsiku lomwelo, mwezi ukatha tizikapereka."

A Jere anaika nyundo pansi. "Mkamwana, chikopa wafufuta ndani?"

"Inu, adada."

"Wasoka ndani? Ine. Foni njanga. Mbwenu ndalama zikhala bwanji za munthu wina?"

"Zili ngati ng'ombe imene mnzanu wakusungitsani," anatero Nelia mofatsa. "Imagona m'khola lanu, inde, koma mwini wake akabwera imatuluka."

Mwana wa eni sanadziwe kuti waponda pachilonda. Mawu akuti khola anawalasa a Jere pamtima, ndipo chisoni chinatuluka ngati mkwiyo.

"Iwe wa ku Dowa undiphunzitse za ng'ombe? Unaziwetapo? Kuyambira lero za foniyi ndiziona ndekha."

Nelia anawomba m'manja pang'ono, n'kudzuka. Nkhaniyo anaibwerezanso kawiri m'masabata otsatira, koma a Jere ankangogogoda nyundo mwamphamvu mpaka iye atachoka.

Miyezi inayi inadutsa boma lisanaone ngakhale tambala. Mwezi wachisanu a Jere anatapa zonse mufoni muja n'kukagula ng'ombe yaikazi, yofiirira, ya banga loyera pamphumi. Anaitcha Tawonga. Nkhalamba ija inasanduka mnyamata. Anakonza mpanda wa khola, anayamba kuimba posoka, ndipo m'mawa uliwonse ankaima pakhola kuikanda ng'ombeyo kuseri kwa makutu, uku akuiuza nkhani za a Linily ngati ikumva. Nelia ankawaona ali pakhonde. Ankakondwa nawo, komanso mtima unkamuwawa, poti ankadziwa chimene chikubwera.

Chinabweradi. Poyamba unafika uthenga wa a msika wa pa intaneti uja, kuti tsamba la a Jere alitseka kufikira ataonetsa umboni woti msonkho akupereka. Kenako inafika kalata ya ku ofesi ya msonkho. A Jere anavala jekete, ulendo wa ku Mzimba boma, ali ndi mawu okonzeratu m'kamwa. Koma mayi amene anawalandira sanakalipe. Anawakhazika pampando n'kuwaonetsa malisiti awo omwe, limodzi ndi limodzi, pamene ogula analipira msonkho m'manja mwawo. Pamwamba pake panali chindapusa cha kuchedwa.

"Bambo, ndalamazi ogula anakusungitsani," anatero mayiyo.

A Jere anayang'ananso malisiti aja. Mawuwo anali atawamvapo kale, pakhomo pawo pomwe, kwaulere.

Anabwerera ali wefuwefu. Kuti abweze ngongoleyo, kugulitsa zikopa zosasoka sikukanakwana, njinga sikanakwana. Chokwana chinali chimodzi chokha, ndipo chinali kubzikula m'khola. Ankayembekeza kuti Nelia anena kuti "ndinkanena ine", koma iye anangowaikira madzi osamba.

M'mawa mwake anaitana Chikomeni, mnansi wawo wochita malonda a ng'ombe. "Ng'ombe ija kaigulitse ku Jenda. Ine sindingathe kuiona ikutuluka." Analowa m'khumbi n'kutembenukira kukhoma. Chikomeni anabweretsa ndalama tsiku lomwelo, ndipo kutacha a Jere anapitanso ku Mzimba kukalipira zonse. Tsamba lawo linatsegulidwa, koma iwo analibe nalo chimwemwe.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Mwachizolowezi chakale anayamba kuzungulira kuti asaone khola. Ndiye anamva kulira kwa ng'ombe. Anaima. Inaliranso. Anathamanga mkulu uja, jekete lili m'manja, n'kupeza Tawonga akudya makoko a chimanga ngati sanachokepo. Chapatali Nelia anali atagwada.

"Adada, ndagula ng'ombe kwa a Chikomeni," anatero. "Ndalandira chipereganyu cha aphunzitsi mwezi uno."

"Si zimene unkati ukapitirizire nazo sukulu ku Mzuzu?"

"Sukulu sithawa, adada. Koma ine khola ndilibe, ndiponso wa ku Dowa ng'ombe sindizidziwa. Ndapota, mundisungireko."

A Jere anagwira mtengo wa mpanda. Misozi inatsika osaibisa, Mngoni wathunthu, mpongozi akuona.

"Mwini wake akabwera imatuluka," anatero a Jere.

"Mwini wake sapita kulikonse, adada. Kwawo n'konkuno."

"Yewo chomene, mwana wanga." Aka kanali koyamba kumutchula choncho. Anapisa dzanja m'thumba, n'kutulutsa foni ija, n'kumupatsa ndi manja awiri.

Lero ndalama zikalowa, a Jere ndiwo amayamba kufuula ali m'khumbi: "Mkamwana, patula za eni ake zisanazolowere khola!" Tawonga anabereka chaka chatha, ndipo aliyense wobwera kudzayamikira amauzidwa msangamsanga kuti ng'ombezo ndi za Nelia, iwo ndi osunga chabe. Akafunsidwa kuti zinatheka bwanji, amadzigwira khutu n'kuseka. Tsiku lija Nelia anawachenjezali, iwo anamva kuwawa n'kumuyesa mdani, osadziwa kuti akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.