Nsapato Zopanda Fumbi

Panali munthu wina kumapiri a ku Ntcheu, amene ali mnyamata anayenda wapansi mpaka ku Joni. Mwezi unaoneka, unafa, unaonekanso, iye akadali m'njira, akugona m'mitengo poopa mikango. Anabwerako ndi bulangete, chipewa, ndi ming'alu m'zidendene. Ming'aluyo ankaionetsa pamowa kwa aliyense womutsutsa.

Mng'ono wake naye anapita kumigodi, koma nyengo itasintha. Zinali zaka zija anthu ankalozerana kanyenyezi koyenda, wailesi n'kumanena kuti azungu aponya galu kumwamba m'chitsulo. Mkuluyo ankangopukusa mutu. Kwa iye, munthu akauluka ndiye kuti wakwera lichero la ufiti, basi.

Mayi awo anadwala mwakayakaya, ndipo amishoni anatumiza uthenga pa lamya kwa mng'onoyo ku Joni. Sabata isanathe, mng'onoyo anatsika basi pamsewu, sutikesi m'manja. Anagwira dzanja la mayi ake, iwo anamutchula dzina, m'mawa mwake anatsirizika.

Mkuluyo sanafulumire kulira. Maso ake anali pa nsapato za mbale wake. Zinali zakuda bii, zonyezimira, zopanda fumbi.

"Iwe," anatero atamukokera kuseri kwa nkhokwe, "ku Joni ndikudziwako ine. Wadzera njira iti?"

"Ndinakwera ndege, achimwene. Kunyamuka m'mawa, dzuwa lisanalowe tatera ku Chileka. Tinalimo ambiri."

"Ambiri, eti? Ngakhale aja a usiku sauluka okha. Ife tadwazika miyezi, mayi osafa. Wangowagwira iwe, apita."

Kumanda, itafika nthawi yoponya dothi, mng'onoyo anawerama n'kutapa lake. Mkuluyo anamugwira pamkono pamaso pa mudzi wonse, namufumbatula zala. Dothi linagwera pambali.

"Dzanja ili ayi," anatero.

Mng'onoyo ananyamula sutikesi yake anthu asanamete, ndipo sanabwerenso. Anasanduka mtchona.

Zaka zinapita, mpaka kunamveka kuti anthu aponda pamwezi. Mwana wa mkuluyo nayenso anali kumigodi, ndipo tsiku lobwerera, bamboyo anapita ku Chileka kukamuchingamira, kapena tinene kukadzionera yekha. Chitsulo chinabangula, chinatera, chitseko chinatseguka. Anthu anzake ankasakasaka nkhope za abale awo. Iye ankayang'ana kumapazi.

Woyamba anatsika, nsapato zopanda fumbi. Wachiwiri, chimodzimodzi. Gulu lonse chimodzimodzi, ana a anthu wamba, ena akusanza ndi mantha a ulendo. Potsiriza panatsika mwana wake, nsapato zikung'anima.

"Ababa, mwadwala?" anafunsa mnyamatayo, poona bambo ake akhala pansi pakati pa anthu.

Bamboyo anangotambasula chikhatho chake n'kumachiyang'ana.

Abale anga, inenso mapazi angawa adya misewu yambiri, ndipo maulendo akale ndimawasowa. Koma ming'alu yathu imadziwa njira imene tinadzera ife, siidziwa njira zonse. Wina akafika msanga kumene inu munafika movutika, musayambe mwamufufuza kumapazi. Mwina anathamangira chinthu chomwecho chimene inu mumachikonda. Musanamugwire mkono, kaoneni kaye chimene chamubweretsa, pakuti manda akakwiriridwa, dothi lija saponyanso kachiwiri.