Foni ya Asewere ku Yazd

Kwathu kuno ku Bolsward, m'dziko la Adatchi, tili ndi matenda amene timawayesa ulemerero, matenda olankhula mosapsatira. Munthu amakuuza kuti malaya ako ndi onyansa, kenako n'kumadikira kuti umuthokoze. Pa onse odwala matendawa, katakwe anali a Sjoerd Bouma, okonza njinga a pafupi ndi mlatho. Ukapita kukamatitsa tayala, unkabwerako utauzidwanso kuti wanenepa.

Mwana wawo Jelle anakwatira Golnar, mtsikana wa ku Iran amene ankagulitsa mankhwala m'tauni muno. Golnar ali ndi pathupi pa miyezi isanu, a Bouma ndi akazi awo, mayi Tjitske, anakonza ulendo wokaona asewere awo ku Yazd. Ananyamula makalata oitanira makolo a Golnar kuti adzakhalepo mwana akamabadwa. Bambo ake a Golnar, a Manuchehr, ankaphunzitsa masamu pa sukulu ya boma, ndipo panali patatha zaka zinayi asanaonane ndi mwana wawoyo. Golnar sankalakalaka china chilichonse koma kuona mdzukulu ali m'manja mwa bambo ake.

Kutatsala masiku awiri kuti anyamuke, Golnar anapeza apongozi ake ataweramira tcheni cha njinga. Anawafotokozera kuti kwawoko intaneti anaimangira mpanda, masamba ambiri satseguka, ndipo anthu amazemba mpandawo ndi kapulogalamu kotchedwa VPN. Kamafunika kukaikiratu mufoni usananyamuke, chifukwa ukafika n'kovuta kukapeza. Anawapemphanso chinthu chimodzi, kuti za ndale asakalembe ngakhale liwu limodzi.

A Bouma sanadzutse n'komwe mutu. "Mwananga, ine ndinapalasa njinga kuchoka pano mpaka ku Roma popanda kapulogalamu. Zozembazemba n'za akuba. Ine ndimalowera pakhomo."

Ku Yazd anawalandira ndi manja awiri. Mpunga wonunkhira, makangaza, tiyi wosatha, chipinda chabwino cha m'nyumbamo chinali chawo. Koma pofika tsiku lachitatu a Bouma anali ngati nkhuku yofuna kuikira. Tsamba lawo la pa intaneti, limene anzawo a kalabu ya njinga ankaliwerenga tsiku lililonse, silinkatseguka. Foni ya mayi Tjitske inali ija ya mabatani, yosathandiza kanthu. Bambowo anadandaula pa chakudya cham'mawa, anadandaulanso pa chamasana, mpaka eninyumba anayamba kuchita manyazi ngati mpandawo anamanga ndi iwo.

Kumeneko kuli mwambo woti mlendo akasowa chinthu, mwininyumba amanena kuti tengani changachi, ndipo mlendo wodziwa ulemu amakana kawiri katatu. Golnar anali atawauza zimenezinso. A Manuchehr anaika dzanja pachifuwa nati m'Chingelezi chawo chapang'ono, "Asewere, foni yangayi ndi yanu." Inali ndi kapulogalamu kaja, monga foni ya aliyense mumzindamo. A Bouma sanakane ngakhale kamodzi. Kwathu kuno munthu akati tenga, umatenga.

Madzulo a tsikulo anajambulitsa chithunzi atakoleka dzanja paphewa la asewere awo, kumbuyo kukuoneka chipata cha sukulu ndi dzina lake. Pogwiritsa ntchito foni ya asewerewo, anachiika patsamba lawo lija, loonedwa ndi aliyense, nalemba pansi pake kuti uyu ndi Manuchehr, mphunzitsi wolimba mtima amene amaboola mpanda wa olamulira ake tsiku ndi tsiku, ndipo wandinong'oneza zimene amaganiza za iwo. Anawonjezera mawu ena atatu onena za olamulirawo, amene ine sindingawabwereze pano.

Mayi Tjitske ataona anagwira pakamwa. "Bambo a Jelle, fufutani zimenezo. Mwatchula dzina la munthu ndi sukulu yake yomwe."

"Ndanama pati? Komanso ndalemba m'Chidatchi. Ndani kuno amamva Chidatchi?"

Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, wodziwa kuti masiku ano makina amamasulira chilichonse m'kuphethira kwa diso, analankhula zimenezo ndi nkhope youma. Anabweza foniyo kwa mwini wake osamuuza chimene walemba. Anzawo a kalabu anawaombera m'manja, wina anachita kumasulira m'Chingelezi n'kutumiza kwina kuti dziko lonse lione kulimba mtima kwa a Bouma.

Atabwerera, malo awo okonzera njinga anasanduka bwalo. Aliyense wobwera ndi njinga ankamva mmene iwo anawauzira zoona olamulira aja m'dziko mwawo momwe. Patatha milungu itatu, mayi ake a Golnar anaimba foni akulira. Amuna awiri anafika pa sukulu m'mawa n'kuwatenga a Manuchehr m'kalasi, ana akuona. Ku ofesi ina anawaonetsa chithunzi chija chitasindikizidwa papepala, mawu ake atamasuliridwa bwinobwino, ndipo foni imene inatumiza inali m'thumba mwa a Manuchehr. Anawafunsa mafunso masiku awiri. Anatuluka opanda ntchito, opanda pasipoti.

A Bouma atamva anati boma la kumeneko ndiye loipa, osati iwo. N'zoona, ndipo n'zimene zimandipsetsa mtima kwambiri. Kuipa kwakeko ndani sankakudziwa? Si chifukwa chake Golnar anachita kuwapempha? Kulimba mtima kotani kumene umakuonetsa pa dzina la mnzako, iwe tikiti yobwerera ili m'thumba? Chithunzicho anadzachifufuta, koma chinali chitafika kale kumene chinkapita.

Mwana anabadwa mu Novembala, wamkazi. Mayi ake a Golnar sanabwere, anakana kusiya amuna awo okha. Monga mwa mwambo wathu, achibale anapita kukaona khanda n'kudya mabisiketi opaka batala owazidwa timibulu ta shuga. A Bouma anafika atanyamula kanjinga kamatabwa kamene anakasema okha. Pakhomo anakumana ndi Jelle, amene sanapatuke kuti alowe. M'kati munkaoneka Golnar atagwirizira foni pamwamba pa mwana kuti bambo ake amuone, chithunzi chikungoduka, nkhope ya nkhalambayo ikuima pakamwa pali yasa.

Golnar anatsitsa foniyo nabwera pakhomo. Sanakweze mawu.

"Bambo, inu mumakonda zoona zosapsatira, ndiye imvani izi. Mwanayu ali ndi agogo aamuna awiri. Tsiku limene bambo anga adzamunyamule, inunso mudzamunyamula."

 A Sjoerd Bouma anasiya kanjingako pakhonde n'kubwerera.

Mwanayo tsopano akuyenda. Mayi Tjitske amapita kukamuona Lachitatu lililonse, okha. Pasipoti ya a Manuchehr sinabwezedwe mpaka lero. Golnar akamadutsa pa mlatho ndi mwana wake, a Bouma amasiya sipanala n'kuima pawindo mpaka atakhota, ndipo za ulendo wa ku Yazd sazitchulanso kwa munthu. Akulu akale sananame: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.