Linga la Miyala Pamwamba pa Munda

Panali munthu wina, dzina lake ndisunga pakuti adzukulu ake akalipo. Iyeyu ndi mng'ono wake ankalima munda umodzi m'munsi mwa phiri, wowasiyira malume awo. Chimanga cha m'mundamo chinkadyetsa mabanja onse awiri mpaka kukumana ndi chatsopano.

Kumtunda kwa mundawo kunali linga la miyala, lalitali kufika m'chifuwa, loyalidwa popanda dothi kapena simenti. Amene analimanga palibe ankawadziwa. Anthu atafika kudzamanga mudzi woyamba analipeza lili chilili, ndere zitamera kale.

Chaka chilichonse mvula ikatha, wamng'onoyo ankakwera kukabwezera miyala imene yagwa. Mkulu wake, munthu woti ukamupatsa moni amayamba waganiza kuti ukufuna chiyani, ankangomuyang'ana cham'mbali. Anali atamva pa bawo kuti akale ankakwirira minyanga ya njovu pansi pa miyala. Basi, mtima unayamba kumudya.

Tsiku lina anamufunsa, "Iwe, kodi kumtundaku umakatani?"

"Kubwezera miyala, achimwene. Malume ankati mwala ukagwa, ubwezere."

"Chifukwa chake?"

"Sindidziwa. Iwonso sanandiuze."

Ha! Yankho loona limenelo ndi limene linaipitsa zinthu. Mkuluyo anati mumtima, munthu angatuluke thukuta chaka ndi chaka pa chinthu chosadziwa? Malume anamunong'oneza yekha ameneyu. Akuphimba chuma kuti adzadye ndi ana ake.

Kuyambira pamenepo chilichonse chinasanduka umboni. Mng'ono wake akagula malaya, minyanga. Mlamu wake akaseka pachitsime, akuseka iyeyo. Pansi pa lingalo panali timabowo tosiyidwa dala m'mizere, ndipo iye ankagwada n'kumasuzumiramo mpaka maondo kuchita mikwingwirima.

Mwezi wa Okutobala wamng'onoyo anapita kumaliro kwawo kwa mkazi wake. Mkuluyo anatenga piki ndi khasu. Masabata awiri anagwetsa linga lonse, nakumba pansi pake mpaka kugunda thanthwe. Anapezamo zinkhanira ndi phale la mphika.

Wamng'ono pobwera anaima, manja ali m'khosi. "Achimwene, mwatani?"

"Unachotsa kale," anatero mkuluyo. "Ukuyesa ndine mwana?"

Mvula yoyamba inagwa bwino, anadzala, chimanga chinamera. Mu Januwale inagwa ya masiku atatu osakata. Madzi amene kale ankaima palinga n'kumatuluka pang'onopang'ono m'timabowo tija anatsika onse pamodzi, ofiira, akukunkhuniza miyala yomwe ija. Pofika tsiku lachinayi munda kunalibe. Sindikunena chimanga chokha ayi, ndikunena dothi lenilenilo. Linapita kumtsinje, panatsala thanthwe loti mbuzi n'kuterereka.

Awiriwo anaima pamwalapo, ana awo ali kumbuyo. Wamng'ono analira ngati pamaliro. Kenaka anati, "Mumafuna kuona chimene linga linkasunga, achimwene. Ndi chija chapita ndi madzicho. Takhala tikuchilima tonse zaka makumi awiri."

Mkuluyo anayesa kunyamula mwala umodzi kuti aubwezere, koma panalibenso pouika.

Tsono inu mwakhala apa, ndikuonani mukugwedeza mitu ngati nkhaniyi ndi ya kutali. Ine zimandipsetsa mtima! Mukapeza chinthu chaima kuyambira kale, musathamangire piki chifukwa choti wochisamala walephera kukuuzani chifukwa chake. Yambani mwafunsa kuti chikutchinga chiyani. Ndipo mbale wako akati "sindidziwa," nthawi zina sadziwadi. Amene anayala miyala ija sanasiye dzina, koma anadyetsa anthu osawadziwa mibadwomibadwo. Wokayika uja anangofuna masabata awiri, ndipo adzukulu ake mpaka lero amagula chimanga pamsika.