Fanuelo Msodzi, Fanuelo Mlimi

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumapalasa njinga pamene kale pankayenda mabwato, a Fanuelo ankakhalira kusoka ukonde pakhonde, osadziwa kuti adzauponya liti. Bambowa matemba akachuluka ankakhala msodzi, mvula ikagwa ankakhala mlimi wa mpunga. Koma chaka chimenecho zonse zinawakana, ndipo mbewu imene akazi awo, mayi Elenala, ankasunga mumtsuko inathera m'mimba mwa ana.

Kenaka kunabwera mabungwe awiri. Lina linkalemba alimi kwa Kuntumanji kuti liwapatse mbewu ya mpunga, lina linkalemba asodzi pa Kachulu kuti liwapatse chimanga. Onse ananena poyera kuti banja lililonse lisankhe kumodzi.

"Bambo a Chisomo, tiyeni tilembetse kumbewu basi," anatero mayi Elenala. "Chimanga tidya chitha, koma mbewu ibala."

"Kodi ndikalembetsa konse ndiye kuti ndanama? Nsomba ndimapha, kulima ndimalima. Komanso anthuwa sadziwana n'komwe."

Analembetsadi uku ndi uku, nabwerera kunyumba akuimba mluzu. Kunena zoona sanali munthu wakuba, kungoti njala inawapatsa nzeru zopitirira muyeso.

Chimene sankadziwa n'chakuti ku Zomba mabungwewo ankabwerekana kompyuta imodzi. Anaikamo mndandanda wa alimi ndi wa asodzi, makinawo n'kutola maina onse opezeka konsekonse, pamodzi ndi midzi yawo. Ntchito imene kalaliki akanatuluka nayo thukuta inatha tiyi asanazizire.

Tsiku la mbewu a Fanuelo anaima pamzere ndi thumba lawo mpaka maina anatha. Anasendera kwa Jenifa, mtsikana amene ankaitana mainawo.

"Pepani bambo, dzina lanu latuluka pa pepala la olembetsa kuwiri," anatero Jenifa mwaulemu. "Ife tinakusiyani kwa anzathu a chimanga."

Mtima unakhalako pansi. M'mawa mwake analawirira ku Kachulu, kumene anapeza a Mussa, a bungwe la chimanga lija, akugawa matumba. A Mussa anayendetsa chala pa pepala lofanana ndendende ndi la dzulo lija.

"Achimwene, inu si mlimi kodi? Ife tinati mukalandira kumbewu."

Palibe amene anawakalipira kapena kuwatchula kuti mbala, ndipo chimenecho n'chimene chinawawa kwambiri, chifukwa analibe wokangana naye. Aliyense anangoganiza kuti mnzake awasamala. Anawalonjeza kuti nkhani yawo ikaonedwa ku Zomba, koma mvula sidikira za muofesi. Mmene yankho linkabwera, mbewu inali itatha, anzawo atafesa kale.

Madzi atadzaza m'madambo, a Fanuelo ndi akazi awo anayamba ganyu yowokera mpunga m'munda mwa a Jafeti, oyandikana nawo malire. Malipiro ake anali mbande zotsala, zachikasu, zimene sizinakwane ngakhale theka la munda wawo. Mayi Elenala sanawakumbutse mawu aja ngakhale tsiku limodzi. Ankangowerama m'matope pambali pawo, mvula ikuwamenya pamsana, ndipo a Fanuelo manyazi ankawagwira moti sankatha kuwayang'ana kumaso.

Tsiku lina akuweruka, anaima pa mlambala n'kuyang'ana mbali ya munda wawo imene inangomera udzu.

"Amayi, munanena," anatero motsitsa mawu. "Ndinathamangira kuwiri, ndagwa pakati."

Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.