Nachisale Akwera Sikelo

Panali mayi wina, dzina lake Nachisale, m'masiku aja chimtali chinkavinidwa pabwalo la fumbi. Iye ndiye ankatsogolera mzere. Akaponda pansi, woimba ng'oma ankatsata phazi lake.

Zaka zinapita, thupi linakula. Linadza mwakachetechete ngati chiswe. Anzake pomulonjera ankati, "Anachisale, koma ndiye mukudya bwinotu!" Iye ankamwetulira, pakuti kwathu kuno mawu amenewo ndi ulemu. Chitenje nachonso sichinamuuze kanthu. Diresi limakana munthu akanenepa, koma chitenje chimangozungulira, mfundo n'kusuntha pang'ono.

Tsiku lina paukwati, nyimbo ili pakati, mpweya unamuthera, maondo nagwedera. Anamukhazika pamthunzi pamodzi ndi nkhalamba, mzere nautsogolera wina. Ng'oma sinaleke kulira, ndipo chimenecho chinamupweteka koposa maondo.

Kuchipatala namwino anamuuza kuti, "Mayi, mtima wanu wasenza katundu wochuluka. Chepetsani zamafuta ndi shuga, muziyenda, ndipo muzibwera kudzakwera sikelo sabata ndi sabata."

"Mwanawe," anatero Nachisale, "sikelo ndi ya makanda ndi matumba a chimanga. Thupi langa ndimalidziwa ndekha."

Anayesadi yekha. Masiku ena ankaleka mandasi, masiku ena n'kuiwala, wopanda chomuuza ngati akupita kutsogolo kapena akubwerera.

Mvula yoyamba itagwa, mwana wake wotsiriza, Mwandida, anamupeza pakhonde.

"Amayi, ukwati wanga ukhala tikakolola. Mudzanditsogolerera mzere, kapena tipemphe azakhali?"

 Tsiku la sikelo ya ana kuchipatala litafika, Nachisale anavala mpango wake wabwino, nakaima pamzere pakati pa amayi achitsikana obereka makanda.

"Agogo, nanga khanda lanu lili kuti?" anafunsa mmodzi, anzake akubisa phwete.

"Khandalo ndine ndemwe. Sendera."

Anavula nsapato, nakwera pa sikelo ya akuluakulu imene inali pakona. Muvi unathamanga, nukaima pamene iye sankayembekeza. Anauyang'ana nthawi yaitali, natsika mutu uli chilili.

Kuyambira pamenepo sanajombe. Sabata imene wadya mosadziletsa, muvi unkakwera pang'ono, iye n'kukonza zinthu zikadali zazing'ono. Sabata imene wayenda wapansi kumunda, muvi unkavomereza. Nthawi zina unkangoima osasuntha, ndipo Nachisale ankabwerera kwawo atakwiya, koma sabata yotsatira ankapezeka pamzere pomwepo. Muviwo unatsika pang'onopang'ono, monga amaphwera madzi m'dambo.

Anthu anakolola, ukwati unafika. Nachisale sanabwerere kuutsikana. Palibe amene amabwererako. Koma anatsogolera mzere wa mwana wake kuchokera pakhomo mpaka pabwalo, nyimbo yonse mpaka inatha. Pamenepo anakodola azakhali aja, nawasiyira malo, napita kukakhala pansi nthawi imene anafuna mwini wake.

Inu amene mukumva, dziwani kuti okukondani sadzakuuzani zonse, pakuti amaopa kukukhumudwitsani. Funani choyezera chimene sichichita nanu manyazi, ndipo muzipitako kawirikawiri, ngakhale ana akusekeni. Chokhota mukachiona msanga, chimawongoka ndi dzanja limodzi.