Mphini za Velina

Panali mkazi wina, dzina lake Velina, amene anali ndi mphini m'mbali mwa maso.

Amene anamutema mphinizo ndi mayi ake aakulu, a Nangondo. Mayi ake omubereka anamwalira iye akadali pabere, ndipo a Nangondo ndi amene anamutola, namulera pamodzi ndi ana awo, osasiyanitsa mbale. Ali wamng'ono anadwala mutu woopsa, uja womveka ngati m'kati muli munthu akusinja. Kuchipatala kunali kutali. A Nangondo anamupana pakati pa miyendo yawo, natenga lumo, natema timizere uku ndi uku, natikitamo mankhwala akuda. Mwana analira, kenako anagona. Kaya anachira ndi mankhwalawo kaya ndi Mulungu, ine sindinganene. Chimene ndikudziwa n'chakuti mutu unaleka, mphini zinatsala: timizere takuda, totukuka pang'ono, toti chala chikadutsapo chimatimva.

Patapita zaka a Nangondo anachita ng'ala, maso onse awiri anafa. Kuyambira pamenepo anayamba kuzindikira anthu ndi zala. Mawu sankawakhulupirira. Ankati, "Mawu amabwerekana. Mfiti ikafuna kuti uitsegulire chitseko, imakuitana ndi mawu a m'bale wako. Koma nkhope sabwereka." Choncho aliyense wolowa m'nyumba mwawo ankagwada, iwo n'kumupapasa kumaso. Uyu ankamudziwira mphuno, uyu dzino lotuluka, uyu khutu lopindika. Velina ankamudziwira mphini. Zala zikafika pamenepo zinkaima, ndipo ankati, "Ndiwe. Apa ndinatema ndine."

Velina anakula, napita m'tauni, napeza ntchito m'sitolo yogulitsa nsalu. Kumeneko mphini sizinali mankhwala, zinali nthabwala. Anzake akamajambulana pa foni ankati, "Velina, tembenukako pang'ono, chidindo cha kumudzi chikuoneka." Iye ankaseka nawo. Akafika kunyumba ankaima pagalasi nthawi yaitali, osaseka.

Pafupi ndi sitoloyo panali mayi wina wa saluni, amene ankagulitsa timabotolo tosunga pansi pa tebulo. Tsiku lina anamukodola.

"Achemwali, nkhope yabwinobwinoyi mukuyenda nayo ili yolembalemba bwanji? Ngati khoma la chimbudzi cha pasukulu?"

"Zinatemedwa kalekale izi, mayi. Sizingachoke."

"Chosachoka n'chiyani? Njoka imafundula ilibe ndi manja omwe, inu mungalephere?"

Anatulutsa kabotolo kopanda dzina, kokhala ndi madzi ooneka ngati a pampopi. Anati ndi asidi wosendera nkhope. Ukapaka, khungu lakale limafa, limauma, limafunduka, pansi pake n'kutuluka latsopano ngati la khanda. Ndipo tisamunamizire mayiyo, malamulo anapereka.

"Mupake pang'ono ndi thonje. Zikangoyamba kuluma, sambani ndi madzi ambiri ozizira. Mukatero mukhale m'nyumba, dzuwa lisakuoneni. Khungu likayamba kusweka musakande, musatong'ole, lisiyeni ligwe lokha. Mwamva?"

"Ndamva."

Anamva ndithu. Koma Velina anali mwana wa kwathu kuno, kumene tinakula tikudziwa kuti mankhwala osawawa ndi madzi chabe. Jakisoni wabwino ndi wotupitsa thako. Muzu wabwino ndi wokwinyitsa nkhope. Ndiye Loweruka lina masana, atatseka chitseko ndi kukoka makatani, anapaka nkhope yonse. Zitayamba kuluma anati, "Eya, zayamba kugwira." Sanasambe. Zitayamba kuotcha ananyowetsanso thonje, nalikanikiza pamphini, mbali iyi ndi mbali iyo, nagwira pomwepo, misozi ikutsika, mano atalumana. Pamene anachotsa thonje, pamalopo panali patayera ngati nyama yothiridwa madzi owira. Mphini sizinkaonekanso. Anamwetulira, ndipo kumwetulirako kunamupweteka.

Kutacha nkhope inali itatupa. Maso anatsala timing'alu. Milomo inalemera. Kuntchito anatumiza mawu akuti wadwala malungo. Kenako khungu linada, linauma, linalimba gwa ngati chikopa choyanika padenga. Akayasamula linkang'ambika m'mbali mwa kamwa. Ankamwa phala la madzimadzi ndi kasupuni. Ankagona chagada, manja atawakulunga m'chitenje kuti asadzikande m'tulo, chifukwa kuyabwa kwake kunali ngati linthumbu likuyenda pansi pa khungu. Galasi analiphimba ndi nsalu, monga timachitira kukamang'anima mphezi. Mwini nyumba anagogoda kamodzi, nafunsa ngati muli munthu wamoyo m'menemo. Velina anayankhira m'kati, chitseko osatsegula.

M'mawa uliwonse ankapeza tizidutswa ta nkhope yake pa pilo. Ankatitola mosamala n'kutiika m'kachitini kamene kanali ka mafuta odzola, chifukwa ngakhale anali wa m'tauni, sanaiwale kuti tsitsi ndi zikhadabo sataya poyera. Akagwedeza kachitiniko munkamveka ngati masamba ouma.

Ali m'kati mwa zimenezi, malume ake anaimba foni.

"Mayi ako aakulu agona. Sakudya. Akuti sapita asanakugwire kumaso. Nyamuka."

"Ndikudwala pang'ono, amalume. Ndibwera ndikapezako bwino."

"Ukudwala chiyani choposa imfa?"

Velina anavundukula galasi. Chimene chinamuyang'ana m'menemo chinali chigoba cha nkhanambo zakuda, chokhala ndi maso awiri. Anaganiza za anthu a mu minibasi, za ana a m'mudzi, za pakamwa pa mlamu wake. Ndiye anaviika nsalu m'madzi ofunda, nafewetsa nkhanambozo, nayamba kuzitong'ola ndi zikhadabo. Nkhanambo yosakhwima sichoka mwaulemu. Zinachoka ndi magazi. Pansi pake panali pofiira, ponyezimira, posalala ngati tomato wosenda. Zonse zimene zinachoka anaziika m'kachitini, ndipo kachitiniko anakaponya m'chikwama, chifukwa sakanakasiya m'nyumba ya eni ake.

Unali mwezi wa dzuwa, uja nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Minibasi inamusiya pamsewu, njira yotsala anakwera kabaza, dzuwa likumuwomba kumaso kopanda khunguko. Pofika kwawo nkhope inali itatupanso, yotentha, yokungika ngati ng'oma.

Mudzi unali zii, dzuwa lili paliwombo. Agalu amene anamudziwa kuyambira ali ana sanauwe, sanagwedeze mchira, anangodzuka n'kupita kuseri. Pakhonde panakhala amayi odwazika matenda. Velina anaodira. Mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, anamuyang'ana nati, "Tikuthandizeni, mayi?" Atamuzindikira anagwira pakamwa. "Alamu, mwagwera mumphika wa nyemba?"

Palibe anaseka.

M'nyumba munali kamdima ndi fungo la munthu wogona nthawi yaitali. A Nangondo anali pamphasa, atachepa ngati mwana. Velina anagwada.

"Mayi, ndabwera. Ndine Velina."

Manja anatuluka m'bulangete. Zala zouma zinayambira pachipumi, zinatsikira pansidze, zinapita m'mbali mwa maso. Zinaima. Zinafunafuna. Zinaolokera mbali inayo, zinafunanso, zinabwerera. Velina analuma mlomo, chifukwa paliponse pamene zalazo zinkakhudza pankayaka moto. Kenako manja anabwerera pang'onopang'ono, nabisalanso m'bulangete.

"Mawu ndi ake," anatero a Nangondo, osati kwa iye koma kwa malume amene anaima pakhomo. "Achimwene, mwalowetsa chiyani m'nyumba?"

"Ndi mwana wanu yemweyo, achemwali. Ine ndikumuona."

"Inu mukuona. Ine ndagwira."

Apa Velina anaganiza kuti zoona zimupulumutsa. Anapisa m'chikwama, natulutsa kachitini kaja.

"Mayi, ndinapaka mankhwala a m'tauni, khungu lakale linachoka. Silinatayike ayi. Nali, ndinasunga."

Anawaika kachitiniko m'manja. A Nangondo anatsegula, analowetsa chala, natakasa pang'ono. Anatola kachidutswa kamodzi, nakafikisa pakati pa zala. Ananunkhiza. Amayi a pakhonde anasuzumira. Kenako anatseka kachitini, nakakumbatira pachifuwa.

"Mwamusenda mwana wanga," anatero ndi mawu otsika. "Mwandibweretsera makoko."

Natembenukira kukhoma.

Sanamwalire tsiku limenelo, ngakhale sabata imeneyo. Anali atanena kuti sapita asanamugwire Velina, ndipo anali munthu wosunga mawu ake. Velina anawadwazika. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira nsalu. Koma madzi akawapatsa iye sankamwa, ankadikira mlamu uja. Akawafunditsa ankati, "Zikomo, alendo," mwaulemu wonse. Ndipo masana, mudzi ukati zii, Velina atakhala pambali pawo pomwepo, ankawamva akunong'oneza kachitini. "Velina, mutu wasiya? Gona, mwana wanga. Usaope lumo." Nthawi zina ankakagwedeza, za m'katimo n'kuchita tswatswa, iwo n'kumavomera ndi mutu ngati ayankhidwa.

Anamwalira m'mawa wina anthu akupita kudimba. Amayi osambitsa maliro analephera kuwatambasula zala. Anayang'anana, nati zisiyeni. Kachitini kanalowa m'bokosi. Velina anaima kumanda atafunda mpango, akuona adzukulu akukwirira nkhope yake.

Mvula itagwa, kutupa kunaphwa. Khungu linapola, koma osati ngati la khanda. Dzuwa la paulendo lija linasiya mawanga, apa pakuda bii, apa potuwa, ngati nthochi yoyamba kuola. Tsiku lina akusamba kumaso, chala chinakhumudwa pa kanthu. Anapapasanso. Timizere tija tinali pomwepo, mbali zonse ziwiri, totukuka monga kale. Asidi anadya pamwamba, koma lumo la a Nangondo linapita pansi kuposa pamenepo. Chimene chinazibisa chinali kutupa chabe. Mphini zinabwerera zonse, zala zozidziwa zitapita.

Akuti mpaka lero akakhala yekha amadzigwira pamenepo. Koma chala chako sichingakuuze kuti, "Ndiwe."

Tsopano inu ana anga aakazi, ndi inu atengwa a pakhomo pano, timabotolo tanu ndimationa. Mumatibisa m'masutikesi pansi pa zitenje, mukuyesa maso anga anakalamba. Kukongola sindikuletsani. Nanenso ndinadzolapo nsatsi mpaka ntchentche kuterereka. Ngati nkhope ikukuvutani, kuchipatala kuli anthu amene anaphunzira za khungu, pitani akakuoneni, osati kabotolo kopanda dzina kochokera pansi pa tebulo. Ndipo chilonda sachikoka kuti chipole. Nkhanambo ndi chivundikiro, chimachoka ndiwo zikapsa.

Koma langa lalikulu ndi ili. Mumati, "Nkhope ndi yanga." Yanu nokha? Ine pano ndikhoza kukutchulirani mmodzimmodzi amene anakupukutani mamina ndi nsonga ya chitenje chake, amene anakuchotsani chitsotso m'diso ndi lilime, amene anagona pansi kuchipatala pamene inu munatuluka chikuku. Palibe amene ndamuiwala. Ena ali moyo, ena anagona. Onsewo anasiya dzanja pankhope panu, ndipo simunawabwezere kanthu. Ndiye musanafute chimene akuseka anzanu opeza dzana, yambani mwafunsa kuti anachiikapo ndani, ndipo tsiku lotsanzikana adzakudziwirani chiyani. Chifukwa kudwazika mayi ako, iwo n'kumakuti "alendo," amenewo ndi maliro ako iwe, ukuyenda.